Zimene Sindinanene za pa Namasile

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7 pa sukulu ya kwathu, kufupi ndi mpata wa Fort Lister, pamene phiri la Mulanje ndi la Michesi amayang'anizana. Ife ana a kumeneko phiri sitinkalitenga ngati chinthu chokongola. Kunali kumene amayi athu ankatola nkhuni, kumene madzi athu ankachokera, ndiponso kumene abambo athu ankathera misana. Bambo anga, a Namakhwa, anayamba kulikwera ali mnyamata, kunyamula matabwa a mkungudza pamutu kutsika nawo kumsewu. Paliwombo pawo panalibe tsitsi, osati chifukwa cha ukalamba, koma chifukwa cha matabwawo. Ntchito imeneyo itayamba kuvuta, anayamba kunyamula katundu wa alendo odzakwera phiri, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene ankatsogolera njira.

Kusukulu sanapiteko. Chichewa ankalankhula, koma chinali Chichewa chokhala pa lilime la Chilomwe. "Bwana" iwo ankati "pwana", "bambo" ankati "pampo". Kunyumba sindinkazimva n'komwe zimenezi, chifukwa theka la mudzi linkalankhula choncho. Makutu anga anatseguka chaka chimenecho, pamene kunabwera mphunzitsi watsopano, a Kachingwe.

A Kachingwe anachokera kutali, kuchigawo chapakati. Anali wachinyamata, wovala bwino, nsapato zowala ngakhale nthawi ya matope, ndipo pakhosi pawo pankalendewera kamera. Ankaphunzitsa bwino, zimenezo sindingawalande. Anayambitsa kalabu ya zachilengedwe, n'kundisankha ine kukhala mlembi wake. Pobweza makope ankakonda kundiuza kuti, "Esinati, iwe sudzafera kuno. Udzapita kutali." Mawu amenewo ankanditsekemera kwabasi. Sindinkaona kuti mkati mwake munali chipongwe kwa onse amene adzafere kuno, kuphatikizapo amene anandibala.

Mwezi wa Julayi, nyengo yozizira ili pakati, a Kachingwe anakonza zoti kalabu ikwere phiri. A hedi anavomera, koma anati pakhale munthu wodziwa njira, ndipo ulendo ukathere m'chigwa cha Sombani, pamwamba pa phiri, pamene pali kanyumba ka matabwa kogonamo alendo. Tikadyere komweko, tibwerere dzuwa lisanalowe. Ine ndinakweza dzanja msangamsanga n'kunena kuti bambo anga amadziwa phiri lonse. Nditawauza kunyumba anaseka, nati, "Nde mwana wanga ndikamuonetse kumene ndimagwira ntchito." Madzulo ake ananola chikwanje chawo akuimba.

Tinanyamuka mbandakucha, ana khumi ndi anayi, titavala yunifolomu basi. Ena tinali ndi patapata, ena opanda kanthu kuphazi. M'timajumbo tathu munali chinangwa chophika ndi mbatata yootcha. Jekete anali nalo a Kachingwe okha. Bambo anali patsogolo, chikwama cha aphunzitsi chili pamutu, chikwanje kudzanja. Njira yochokera ku Fort Lister ndi yokwera mosapumira. Tinadutsa m'nkhalango yamthunzi, mmene zitsa zakale za mkungudza zinkanunkhirabe, ndipo tinakumana ndi azimayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni, akupatsana moni ndi bambo m'Chilomwe. Ndinkayenda pambali pa mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo, Felesiya, mtsikana wamiyendo yaitali amene ankapambana aliyense pa mpikisano wothamanga. Njira yonse ankandiseka kuti ndikupuma ngati mbuzi yokalamba.

Cha m'ma teni koloko tinatulukira m'chigwa muja. Sindinadziwe kuti pamwamba pa phiri limene ndinkaliona tsiku lililonse pali dziko lina. Chigwa chachikulu, cha udzu wofiirira wogwedezeka ndi mphepo, miyala yaikulu ngati nyumba ili mbwee ngati kuti wina anangoitaya ali pa changu, ndi mtsinje wa madzi ozizira owawitsa mano. Kunali zii. Ndipo pamwamba pa zonsezo panaima Namasile, nsonga ya mwala wokhawokha, yakuda, yopanda mtengo. Anthu ambiri amadziwa za Sapitwa chifukwa dzina lake limaopseza lokha, koma bambo ankanena kuti Namasile nayenso sasewera naye.

Tinadya pakhonde pa kanyumba kaja, mlonda wake, mkulu wina wodziwana ndi bambo, akutipatsa madzi otentha. A Kachingwe sanadye zambiri. Maso awo anali pa nsonga ija.

"A Namakhwa," anatero, "tikwera apo. Ana ajambulidwe ali pansonga penipeni."

Bambo anayang'ana nsongayo, kenako anatembenukira mbali ya ku Mozambiki. Analoza ndi chikwanje kamtambo koyera kamene kanagona pamzere wa mapiri ngati thonje.

"Pwana, lelo ayi. Mphepo yatembenuka, chiperoni chikubwera. Dzuwa likamafika pamutu, pamwamba apo simuona ngakhale dzanja lanu. Mwala uja ukanyowa umaterera ngati sopo, ndipo ana awa alibe nsapato."

Ndikufuna amene akuwerenga amvetse bwino apa. Bambo anga sanatchule mizimu. Sanatchule makolo, nsembe, kapena nthano iliyonse ya phiri. Ananena za mphepo, mtambo, mwala ndi mapazi a ana. Koma a Kachingwe anamva zimene anabwera atakonzeka kumva.

"Eee, zayambika!" anatero akuomba m'manja. "Mizimu yakwiya! Pwana, pwana, phiri lakana!" Anapinda khosi, akutsanzira mawu a bambo, ndipo ana onse anafa nazo nseko. Inenso ndinaseka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Esinati, auze bambo ako kuti ife tabwera kudzaphunzira sayansi. Kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala."

Anzanga onse ankandiyang'ana. Ndinayandikira bambo n'kunena motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwenikweni, chifukwa ndinkafuna aphunzitsi amve: "Ababa, musatichititse manyazi."

Bambo anandiyang'ana. Kenako anauzanso a Kachingwe kuti iwo sangatsogolere ana kumeneko lero, ngakhale atawamenya. A Kachingwe anati palibe vuto, njira ili ndi zizindikiro, wakhungu yekha ndiye angasochere. Anasankha ana asanu ndi mmodzi amphamvu: anyamata awiri aakulu a Sitandade 8, Felesiya, ine, ndi ena awiri. Kenako analamula bambo kuti atsale pakanyumba ayang'anire ana aang'ono ndi zikwama. Ndikunyamuka, bambo anandigwira dzanja. "Mwanaka, mwana wanga, tsala." Ndinalichotsa dzanjalo n'kuthamangira anzanga.

Poyamba zinkayenda. Tinkatsata timilu ta miyala timene anthu anasanja m'njira, ndipo a Kachingwe ankatijambula tikumwetulira, chigwa chili pansi pathu. Kenako udzu unatha, kunatsala thanthwe lokhalokha, loima moti tinkakwera ndi manja omwe. Mphepo inayamba kuluma. Nditacheuka, ndinaona kuti kanyumba kaja kasowa. Chigwa chonse chinali chitadzaza ndi nkhungu, ndipo nkhunguyo inkakwera kutilondola, mofulumira kuposa munthu wothamanga. Posakhalitsa inatikuta. Kunayamba kamvula kosalekeza kaja ka chiperoni, kosamveka kugwa koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Sindinkaonanso Felesiya, amene anali mapazi atatu okha patsogolo panga.

A Kachingwe anati tibwerere. Koma kubwerera kuti? Timilu ta miyala tija sitinkaonekanso, ndipo mwala uliwonse unkafanana ndi unzake. Tinatsika chokhala pansi, tikukhwekhwereza matako pathanthwe, yunifolomu zitamatirira m'thupi. Tinafika pamalo ena pamene panali mng'alu pakati pa miyala iwiri. A Kachingwe anadumpha, anyamata aja anadumpha. Felesiya, amene sankaopa kudumpha chilichonse, anadumphanso, koma patapata wake anaterera. Ndinamva kukuwa, kenako phokoso limene mpaka lero sindifuna kulifanizira ndi kanthu.

Mng'aluwo sunali wakuya kwambiri, mwina kutalika kwa anthu awiri. Anyamata aja anatsikiramo n'kumutulutsa. Mwendo wake wakumanja unali utapindika pamene mwendo supindika, ndipo pamsongolo panali bala lotuluka magazi. Ankalira akuitana amayi ake. Tonse tinayang'ana kwa a Kachingwe, chifukwa ndi iwo anali wamkulu, ndi iwo anali wodziwa sayansi. Anayang'ana mwendowo kamodzi kokha, osaukhudza.

"Khalani pompano, musasunthe," anatero. "Ndikukaitana thandizo."

Anatenga anyamata awiri aakulu aja, akuti awathandize kuona njira. Ndi okhawo amene akanatha kumunyamula Felesiya. Anatisiya anayi: mtsikana wothyoka mwendo ndi ana atatu. Jekete lawo anapita nalo. Zaka zonsezi ndayesa kuwakhululukira mantha, pakuti mantha amagwira aliyense, koma jekete lija limandikanika. Munthu wamkulu anayang'ana mwana akunjenjemera pamwala wonyowa, magazi akutuluka, n'kukoka zipi mpaka pakhosi, n'kutembenuka.

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Tinamukumbatira Felesiya pakati kuti afundidwe. Poyamba ankalira, kenako anasiya, n'kuyamba kunena kuti ali ndi tulo, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira. Zala zanga zinafa. Tinayesa kufuula, koma mawu ankangomezedwa ndi nkhungu. Ndiye, chapansipansi, tinamva chitsulo chikugunda mwala: ngwe! ngwe! ngwe! Kenako chete. Kenako ngwe! ngwe! ngwe! pafupi pang'ono. Pambuyo pake mawu amene ndinachita nawo manyazi m'mawa womwewo: "Esinatiii!"

Ndinamva pambuyo pake kuti nkhungu itangolowa m'chigwa, bambo analowetsa ana aang'ono aja m'kanyumba, kuwasiya ndi mlonda pamoto. Mlondayo anawapatsa chingwe, bulangete ndi kabotolo ka kachasu kotsukira mabala. Ali m'njira anakumana ndi a Kachingwe ndi anyamata aja akuzungulira malo amodzi. Atafunsa kumene ana ena ali, aphunzitsi anangoloza m'mwamba. Bambo anawaonetsa kamtsinje kakuti akatsate mpaka kukanyumba, iwo n'kupitirira okha, akugogoda miyala ndi chikwanje kuti timve.

Atatipeza sanakalipe, ndipo sananene kuti "ndinanena ine". Anavula juzi yawo n'kumuveka Felesiya. Anathira kachasu pabala, Felesiya n'kukuwa, iwo nati, "Eya, kuwa, mwanaka, usagone." Anadula timitengo ta pachitsamba chomera m'mng'alu, anang'amba malaya awo, n'kumanga mwendowo. Anamubereka kumsana ndi bulangete monga mayi aberekera khanda. Ife atatu anatimangirira chingwe m'chiuno, nsonga yake n'kuikulunga padzanja lawo. Kenako anavula nsapato zawo za matayala, nazisiya pamwala pomwepo, chifukwa phazi lopanda kanthu ndi limene limagwira thanthwe lonyowa. Anatsika chafutambuyo m'malo oipa, akutiuza mmodzimmodzi poponda. Mmene ankadziwira njira mu nkhungu imeneyo, sindidziwa. Ndinkangoona magazi a mapazi awo pamwala, n'kumaponda pomwepo.

Titafika pakanyumba tinapeza a Kachingwe ali pamoto, kapu ya tiyi ili m'manja. Anaimirira n'kunena kuti, "Mwachedwatu." Bambo sanawayang'ane. Iwo ndi mlonda uja anamanga machira, ndipo tonse tinatsika phiri, kufika kumudzi kutada kale. Felesiya anamutengera kuchipatala.

Patapita sabata, anaitanitsa msonkhano wa komiti ya sukulu ndi makolo. Dzulo lake, a Kachingwe anandiitanira m'kalasi anzanga atapita. Anandipatsa buku la masamu lokonzekera mayeso, latsopano, lonunkhira sitolo.

"Mawa akufunsa mafunso," anatero mofatsa. "Uyankhe zimene wafunsidwa zokha. Mwana wanzeru sachulutsa mawu pamaso pa akuluakulu. Chaka chamawa ndi mayeso, Esinati. Ukufuna kupita ku sekondale, si choncho?"

Ndinati inde. Bukulo ndinalilandira ndi manja awiri.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango. A hedi, apampando a komiti ndi a Kachingwe anakhala pamipando, kuseri kwa tebulo. Bambo anakhala pansi, pafumbi, pamodzi ndi makolo ena, mapazi awo akadali ndi zilonda. A Kachingwe analankhula nthawi yaitali, akusakaniza ndi Chingelezi. Anati iwo anadalira munthu amene anauzidwa kuti ndi katswiri wa phiri. Anati munthuyo, atafika pakanyumba n'kupeza mnzake womwa naye, anakana kupitirira, nawauza kuti njira ndi yosavuta, angotsata miyala. Anati ngozi itachitika, iwo anaika moyo wawo pachiswe kutsika mu nkhungu kukamudzutsa munthuyo kuti akagwire ntchito yake. Anamaliza ndi mawu onjenjemera, akupukuta m'maso ndi kansalu.

Bambo atapatsidwa mpata, anaimirira chipewa chili m'manja. Anayamba m'Chichewa, koma mtima utawawa, mawu anayamba kutuluka m'Chilomwe. Apampando anawadula. "Lankhulani Chichewa, a Namakhwa, pano pali alendo." Apampando amenewo anali Mlomwe mnzathu, amene kunyumba kwawo ngakhale nkhuku ankazithamangitsa m'Chilomwe. Bambo anabwereranso ku Chichewa, n'kunena kuti, "Ine ndinawauza apwana," ndipo kumbuyo wina anaseka. Anasokonezeka, anabwereza mawu omwewo kawiri, kenako anakhala pansi nkhani isanathe.

Apampando anati pakufunika mboni mwa ana. Felesiya anali kuchipatala. Anyamata aakulu aja anali atauzidwa kuti asabwere, akuti akuwerengera mayeso. A Kachingwe anati, "Tifunse mwana wawo yemwe. Iyeyo sangawanamizire bambo ake." Anthu anavomereza kuti pamenepo pali nzeru. Ndinaimirira.

"Esinati," anatero a Kachingwe, "pamene tinkakwera kunsonga, bambo ako anali nafe?"

"Ayi."

"Pamene anakupezani, ankanunkha kachasu kapena ayi?"

Ndinakumbukira fungo lija, pa manja awo, pa malaya ong'ambika, pa mwendo wa Felesiya. "Ankanunkha."

"Zikomo. Khala pansi."

Ndinakhala pansi. Palibe anandigwira pakamwa. Palibe anandiopseza ndi chikwapu. Panali kanthawi, kokwanira kupuma katatu, pamene bwalo lonse linali chete, ndipo ndikanatha kunena kuti: anatichenjeza, munawaseka, munatisiya pamwala, jekete munapita nalo, kachasuyo anali wa pabala. Mawu onsewo anali pakhosi panga. Ndinawameza, n'kuyang'ana pansi.

Chigamulo sichinachedwe. Apampando anati mphunzitsi ndi munthu wa boma, wophunzira, amene wasiya kwawo kudzathandiza ana athu, ndipo mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, tisamufooketse. Anati a Namakhwa apepese. Bambo anga, amene anabereka mwana wa eni kumsana kuchokera pansi pa nsonga ya Namasile, anaimirira pamapazi azilonda aja n'kupepesa kwa munthu amene anakhala pamoto ndi kapu ya tiyi. Akomiti analembanso kalata yopita kwa amene ankasunga mndandanda wa onyamula katundu wa alendo, ndipo dzina la bambo linachotsedwapo. Ndani angapereke mlendo kwa munthu woledzera amene anasiya ana paphiri?

Kunyumba amayi sanandilankhule masiku atatu. Tsiku lachinayi, pondipatsa mbale, anati, "Idya, mwana wa a Kachingwe." Ndinkalakalaka bambo atandimenya, kuti nkhani ithe. Sanatero. Loweruka lotsatira anandiuza kuti ndiwaperekeze kumunda wa chinangwa. Tinapalira mpaka dzuwa litakwera. Titakhala pamthunzi, ndinayamba kulira, n'kunena kuti, "Ababa, koma ine sindinaname."

"Sunaname," anatero. "Anakufunsa ziwiri, unayankha ziwiri." Anachotsa dothi kukhasu ndi kamtengo. "Mafunso anali awo, mwanaka. Koma pakamwa panali pako."

Sanawonjezere kanthu, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Buku lija ndinkafuna kulitaya m'chimbudzi, koma iwo anakana. Anati buku silinalakwe, ndiwerenge.

Felesiya anatuluka m'chipatala patapita miyezi iwiri, mwendo umodzi utafupika. Anauza aliyense amene anafuna kumva zimene zinachitika, ndipo amayi ake anabwera kwathu ndi tambala, kugwada pamaso pa bambo. Koma msonkhano sunaitanidwenso. A hedi anati nkhani inatha, tisafukule zakale. Chaka chisanathe a Kachingwe anasamutsidwa kupita ku sukulu ya m'tauni, ndipo tinawachitira phwando lotsanzikana, ife ana tikuimba nyimbo zowathokoza. Zithunzi za tsiku lija sitinazione. Felesiya anayesa kubwerera kusukulu, koma mtunda unamukulira, ndipo anasiya. Lero amasoka zovala pa Migowi. Ndikamapita kwathu ndimaima pakhonde pake, timacheza, timaseka, koma ndikamuona akuimirira kukatenga nsalu, akutsimphina, mkwiyo umandibwerera ngati zachitika dzulo.

Bambo anakhala zaka ziwiri osakwera phiri ndi alendo. Ankapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ku Chilwa, kuima m'madzi tsiku lonse, munthu wa kumiyala. Pambuyo pake anzawo anawalankhulira, dzina lawo linabwezeretsedwa, koma mbiri ija inawamatirira. Ngakhale patapita zaka khumi, munthu akafuna kuwanyoza pamowa kapena pamaliro, ankangoti, "Aja anasiya ana paphiri." Ine ndinakhoza mayeso, ndinapita ku sekondale, kenako ku koleji. Ndinapitadi kutali, monga ananenera a Kachingwe. Kangapo konse ndinakonza zoti ndikafika kwathu patchuthi ndikapite kwa apampando aja ndikanene zonse, koma nthawi iliyonse ndinkapeza chifukwa chodikirira.

Ndinadzanena pamaliro a bambo. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mwambo wa kwathu sulola kuti mwana wamkazi alankhule kumanda, koma ndinapempha, ndipo amalume anandilola. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa kamtambo koyera kaja mpaka pa mafunso awiri. Ndinkayembekezera kuti anthu adzidzimuka. Palibe anadzidzimuka. Ankangogwedeza mitu. Titabalalika, apampando aja, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tinkadziwa, mwanangu. Tonse tinkadziwa. Namakhwa sankamwa akakhala paphiri. Koma tikanatani? Tikanamuyalutsa mphunzitsi, boma likanatitumizira wina?"

Mawu awowo ndi amene anandimaliza. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti anthu ananamizidwa, ndipo ine ndekha ndi amene ndinasunga choonadi. Ayi ndithu. Bwalo lonse linkadziwa, kuyambira a hedi mpaka amene anaseka kumbuyo. Anayeza anthu awiri, wina wa taye ndi wina wa zigamba, n'kuona kuti wa zigambayo ndi amene angathe kusenza mlandu popanda kudandaula, pakuti kusenza ndiyo inali ntchito yake. Chimene ankasowa chinali munthu woti awapeputsire manyazi, ndipo anapeza mwana wake yemwe.

Panopa ndine mphunzitsi, ndipo ndakhalapo kuseri kwa tebulo pa misonkhano yambiri yotere. Ndaona kuti anthu osauka kawirikawiri sagonja chifukwa cha bodza lamkunkhuniza. Amagonja ndi zoona zodulidwa bwino, zofunsidwa ndi munthu wodziwa kufunsa, pamaso pa anthu amene asankha kale mbali. Ndaonanso kuti ife ophunzira tili ndi matenda oganiza kuti munthu amene satchula bwino mawu sadziwanso bwino zinthu. Bambo anga ankawerenga mphepo ndi mitambo monga ine ndimawerengera buku, ndipo analipira ndi dzina lawo chifukwa chonena zoona m'kalankhulidwe kosekedwa.

Sindinganene kuti ndinadzikhululukira, ndipo sindikufuna kuti wina andiuze kuti ndinali mwana. Ndinali mwana, inde, koma ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndipo ndinkadziwa chimene ndikugula nacho. Chimene ndingathe tsopano n'chochepa. Kholo likaimirira pamsonkhano n'kuyamba kusowa mawu, ndimaliuza kuti lilankhule m'chilankhulo chimene limalirira, tipeza womasulira. Ndipo mwana akaitanidwa kudzachitira umboni, ofunsa akamaliza mafunso awo n'kumuuza kuti akhale pansi, ine ndimati ayi, aime kaye. Ndimamufunsa ngati pali china chimene sanafunsidwe. Kenako ndimadikira, ngakhale bwalo lonse litopa nane.